Mwana wa mlongo wanga amupeza ndi chamba ku hosteli, nditani?

Telala wa ku Fordsburg:
Abale, ndithandizeni nzeru. Mwana wa mlongo wanga ali chaka chachiwiri pa yunivesite ina muno mu Joni, amagona ku hosteli ya sukulu. Lachinayi alonda anamva fungo pakhomo pa chipinda chake, atalowa anapeza chamba m'kabokosi ka machesi ndi mabotolo awiri a mowa kunsi kwa bedi. Amupatsa kalata yoti akaonekere ku komiti ya mwambo pakatha masabata awiri. Iye akuti, "Malume, kuno chamba anachiloleza mu 2018, sindinalakwe." Fizi yake timasonkherana ine ndi mayi ake, omwe amagulitsa kachewere pa Lizulu. Sindinawauze, ali ndi BP. Kodi mwanayu akunena zoona?

Nabanda:
Pepani malume. Zoona zake n'zatheka. Mu September 2018 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti munthu wamkulu asamangidwe chifukwa chosuta kapena kulima chamba chake m'malo ake a yekha, ndipo Pulezidenti Ramaphosa anasainira lamulo lake mu 2024. Kugulitsa ndi kusuta pagulu n'koletsedwabe. Koma hosteli si nyumba yake. Polowa anasainira malamulo a pamenepo, ndipo komiti ikamuzenga ndi pepala limenelo, osati ndi chigamulo cha khoti.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi pemiti. Pemiti yophunzirira imalembedwa dzina la sukulu, ndiye akangomuchotsa, sukulu imadziwitsa a Home Affairs, pepalalo latha ntchito. Mnzake wa konkuno atha kukayesa kwina, iyeyo ndi ulendo wa pa Mwanza. Muuzeni asakakangane ndi komiti za 2018. Apemphe buku la malamulo a ophunzira, awerenge ndime yomwe akumuimba nayo mlandu, afunse a SRC, bungwe loimira ophunzira, ngati wina angamuperekeze. Ndipo ayambe kuonana ndi alangizi tsikulo lisanafike. Ku Wits kuli CCDU, ku UJ kuli PsyCaD, masukulu enanso ali ndi maofesi otere, ndipo wophunzira salipira. Kalata ya mlangizi imasonyeza kuti munthu wayamba kale kudzikonza.

Bambo a Tadala:
Ine ndinena mosapsatira, mukwezeni basi azipita. Kumudzi tinaona mmene masacheti anathera anyamata mpaka boma linaletsa. Kuno n'koopsa kuposa. Nyaope ija ndi heroin wosakaniza ndi chamba, amasuta ngati ndudu wamba. Anyamata mumawaona akugona chiimire m'marenki aja ambiri anayamba ndi ndudu ya mnzawo. Ndinaika m'manda mwana wa neba wanga ku Tembisa, sindifuna kuonanso zotere.

Chifundo_2:
Bambo a Tadala, chisoni chanu ndachimva, koma kumubweza n'kungomusamutsira kumene kulibe womuyang'anira, ndipo kwathu kusuta chamba ndi mlandu wa kupolisi ndithu. Ine ndagona mu hosteli zaka zitatu. Ambiri osuta m'chipinda si a maphwando ayi, ndi amene tulo tawathawa nthawi ya mayeso ndipo alibe womuuza. Malume, m'funseni chimene chinamuyambitsa. M'funsenso za mankhwala a chifuwa a codeine omwe amathira mu Sprite, poti amenewo sanunkha, alonda sawagwira. Ngati zafika povuta, kuli SANCA, bungwe lothandiza anthu a vuto la mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, komanso nambala yaulere 0800 12 13 14 imayankhidwa usana ndi usiku. Koma mayi ake auzeni. Akadzamvera kwa ena, mlandu udzakhala wanu.

Telala wa ku Fordsburg:
Zikomo nonse. Dzulo ndinatseka shopu masana, ndinakamutenga, tinakhala pansi ku Braamfontein. Ndinamuwerengera za pemiti zimene mwalemba a Nabanda, anangoti chete. Kenako analira. Akuti analephera phunziro limodzi mu June, anandibisira, ndipo kuyambira pamenepo sagona mpaka atasuta. Ine ndinkangomufunsa ngati ndalama ya chakudya yakwana, za maphunziro sindinafunsepo n'kamodzi komwe, ndipo zimenezi zandiwawa. Lolemba 9 koloko akukaonana ndi mlangizi, ndimuperekeza mpaka pageti. Mlongo wanga ndimuimbira usiku uno akaweruka kumsika, mwanayo ali pambali panga kuti alankhule yekha.