Ntchito yawonjezeka, giredi ndi yomwe ija: kodi ndine ndekha amene ndikuganiza zochoka?

Namwino wa ku Salima:
Anzanga pantchito, ndikupempha maganizo anu. Pa chipatala chaching'ono chimene ndimagwira, tsiku limodzi ndimayambitsa anthu ma ARV, kuyeza amayi khansa ya khomo la chiberekero, kuika njira yolera ya pamkono, komanso kulembera odwala mankhwala dokotala akakhala kuti palibe, ndipo usiku ndimagonanso ku mateniti. Ntchitoyi ndimaikonda, koma chiyambire kusenza zonsezi giredi yanga sinasinthe, moti ndayamba kufunsira ntchito ku mabungwe.

Mzamba wopuma, Nkhotakota:
Mwana wanga, simuli nokha ayi. Boma litayamba ndondomeko ya Option B+ mu 2011, yakuti mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi HIV ayambe mankhwala a moyo wonse, katundu ameneyu anagwera ife azamba, chifukwa ndife tinkakumana ndi amayiwo ku sikelo. Tinasenza ndi mtima wonse, poona ana akubadwa opanda kachilombo. Komabe ndikukumbukira kuti mu 2005 malipiro anawonjezeredwa ndi 52 peresenti pofuna kuti anamwino asamapite ku Britain, ndipo ena amene anali atamanga kale katundu anakhala. Inu a lero kwacha inakugwerani ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ntchito ili yochuluka kuposa yathu.

Namwino wachibambo, Salima:
Achemwali, kwa ine ndalama si nkhani yoyamba. Chimene chimandisowetsa tulo ndi mayi amene akutaya magazi pakati pa usiku, ambulansi ili kutali, ine ndili ndekha wopanda womufunsa. Zikayenda bwino palibe amene amadziwa, koma zikavuta chiphaso changa ndicho chimakhala pachiswe, ngakhale kuti zina mwa ntchitozi ndinangoziphunzira kwa sabata ziwiri basi. Bwenzi ndikupirira akuluakulu akanamabwera kudzagwira nafe ntchito n'kutiwongolera pamene tikulakwitsa, osati kudzangowerenga malejisitala.

Namwino wa ku Salima:
Zikomo amayi, zikomonso achimwene. Za usiku mwanenazo zandikhudza, chifukwa ndi mmene zinalili nthawi ya kolera mu 2023. Ndalembanso kalata yopempha kukawonjezera maphunziro ku KUHeS, yunivesite ya Kamuzu ya maphunziro a zaumoyo. Akandilola ndikhala, koma yankho likapanda kubwera chaka chino, ndidzavomera ntchito imene ndingapeze ku Lilongwe.