Laibulale ya SMS yomwe mwini wake anasowa: titenge dzina lake kapena tiyambe yathu?

aChisale: Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani yofuna kuthandizana. Kuntchito kwathu tili ndi pulogalamu yotumiza ma SMS kwa alimi a m'makalabu, kuwakumbutsa tsiku lobweza ngongole ndi kuwadziwitsa mitengo ya pamsika. Imadalira laibulale ina ya Python yolankhula ndi modemu ya GSM yolumikiza pa USB, ija imatumiza ma AT command (malamulo omwe modemu imamva) ndi kukonza uthenga kukhala PDU (kalembedwe ka manambala komwe modemu imatumizira SMS). Tasamutsira seva ku Python 3.12, ndipo pulogalamu ikugwa isanayambe n'komwe, chifukwa laibulaleyo imaitana imp ndi distutils, zigawo zomwe zinkabwera ndi Python, zomwe zonse zinachotsedwa mu 3.12. Pa GitHub mwaposa zii. Release yomaliza ndi ya zaka zapitazo, ma issue angoundana, ndipo pali ma pull request (zokonza zomwe ena atumiza kuti zilowe mu code) okonza vuto lomweli omwe palibe anawayankha. Ndinamulembera imelo mwini wake, sanayankhe. Laisensi yake ndi MIT, yolola aliyense kukopera ndi kusintha code. Maganizo anga ndi oti ndipemphe a PyPI, nkhokwe ya pa intaneti ya ma package a Python, andipatse dzina la package imeneyi, ndiitsitsimutse, kenako ndipeze anthu ondithandiza kuisamala. Alipo anadutsamo m'njira imeneyi?

Nabanda: Tiyambe ndi kuzimitsa moto wa lero. Distutils ndi yosavuta, mukaika setuptools mu venv yanu imabwera nayo yake. Imp ndiye ayi, pamenepo mpaka musinthe code igwiritse importlib. Ngati alimi akudikira mauthenga sabata ino, bwezerani seva ku 3.11, yomwe ikulandirabe zokonza za chitetezo mpaka Okutobala 2027. Nthawi yoganiza bwino muli nayo, musapange chisankho chachikulu seva ili pansi.

aGondwe: Ine ndifunse mosapsatira, achimwene: mukufuna kuitsitsimutsa chifukwa chiyani? Laisensi ndi MIT, koperani mafayilo omwe mumagwiritsa ntchito muwaike mu repo yanu, siyani mzere wa copyright ndi mawu a laisensi pamwamba monga alili, konzani imp, basi mwatha. Mukangolemba dzina lanu kuti ndinu maintainer (wosamala laibulale), munthu wa ku Brazil wokhala ndi modemu yomwe simunaionepo adzakulemberani pakati pa usiku kuti uthenga wake sukupita, ndipo adzayembekeza yankho. Bwana wanu amakulipirani ntchito ya alimi, osati imeneyo.

aChisale: Nabanda zikomo, ndabwerera ku 3.11, mauthenga ayamba kuyenda. AGondwe, ndikukumvani, koma sindili ndekha pa laibulaleyi. Muno mugulu mokha ndikudziwa anthu ena omwe amaigwiritsa ntchito, ndipo aliyense ali ndi kope lake lomwe anakonza mwamseri. Chitsanzo ndi nkhani ya ŵ. Chilembo chimenechi mulibe mu zilembo za GSM 7-bit, ndiye uthenga ukakhala ndi ŵ mmodzi yekha uyenera kupita ngati UCS-2, kalembedwe kena ka zilembo kodya malo ambiri, ndipo malire amatsika kuchoka pa zilembo 160 kufika pa 70. Ukadulidwa zidutswa ndiye chidutswa chilichonse chimanyamula 67 m'malo mwa 153. Laibulaleyi siwerenga bwino pamenepo, imadula uthenga pakati. Ine ndinakonza kwanga, ndikukhulupirira kuti ena anakonzanso kwawo. Tikugwira ntchito imodzi kangapo, aliyense payekha.

Nasibeko: Ndi zoona, ine ndinakonza yomweyo. Ndinangoika kafankishoni kosintha ŵ kukhala w uthenga usanapite, kuti tisalipire ma SMS atatu pa uthenga umodzi. Koma kudula kolakwika kuja kudakalipo pa mayina ena okhala ndi zilembo zachilendo.

aMbewe: Ndawerenga zonse. Pa nkhani ya dzina, aChisale, werengani kaye PEP 541 musanayike mtima pamenepo, chifukwa ndi ndondomeko imene a PyPI amatsatira posamutsa dzina la package. Package imatchedwa yosiyidwa pokhapokha zinthu zitatu zitakwanira pamodzi: mwini wake sakupezeka, palibe release m'miyezi 12 yapitayi, ndipo palibe chomwe mwiniyo wachita pa tsamba la projekitiyo. Iwo eni amayesa kumufikira katatu kapena kuposa, ndipo amasiya pakatha masabata 6. Mwini wake akangoyankha kuti ayi, nkhani yathera pomwepo, ngakhale atakhala kuti sakukonza kalikonse.

Ndiye pali mbali ina yomwe anthu amaidumpha. Inu wopempha muyenera kusonyeza umboni woti munayesa kumufikira, musonyeze fork yanu (kope lanu la projekitiyo) yomwe mwakonzamo kale zinthu, komanso mufotokoze chifukwa chake fork ya dzina lina singakwanire. Mwaona? Ngakhale njira yotenga dzina imadutsa mu fork. Ndipo pempho likalowa pa mzere wa pypi/support limatha kukhala miyezi, poti oliwerenga ndi ochepa. Choncho yambani ndi fork, dzina mudzapemphe mtsogolo ngati lidzakhale likufunikabe.

Ine chitsanzo chomwe ndimakonda ndi Pillow. PIL, laibulale ya zithunzi ya Fredrik Lundh, inatulutsa 1.1.7 mu 2009 n'kuima. Mu 2010 Alex Clark anayamba fork, naipatsa dzina latsopano la Pillow pa PyPI, koma dzina loitanira mu code anasiya lomwelo. Mpaka lero timalemba pip install pillow kenako from PIL import Image. Anthu anasamuka posintha mzere umodzi mu requirements. Vuto lake ndi limodzi, awiriwo sangakhale mu environment imodzi, ndipo zimenezo mumangolemba pamwamba pa README.

aGondwe: Pillow inali ndi anthu ochuluka zedi oidalira. Laibulale ya modemu ya USB ili ndi angati? Mudzatsala awiri, mmodzi akapeza ntchito ku Johannesburg ngati aMbewe mudzatsala nokha, ndipo pakatha zaka zitatu wina adzalemba mugulu ngati lino kuti aChisale anasowa.

aMbewe: Hahaha, ku Johannesburg intaneti iliko, aGondwe, ndikuyankha ndili konkuno. Koma mfundo yanu ndi yoona, n'chifukwa chake fork isakhale pa akaunti ya aChisale. Tsegulani organization pa GitHub, ndi yaulere pa ma repo oonekera, eni ake akhale anthu osachepera awiri kuyambira tsiku loyamba. Pa PyPI chimodzimodzi, ma Owner awiri. Vuto lomwe tili nalo pano si loti mwini wake anatopa, kutopa ndi kwa aliyense. Vuto ndi loti makiyi onse anali ndi munthu mmodzi.

Nabanda: Kuonjezera pamenepo, mukadina batani la Fork, GitHub imasiya Issues yozimitsa, muyenera kuiyatsa nokha mu Settings. Ambiri amaiwala, kenako amadabwa kuti palibe akuwalembera. Komanso ma issue akale simungawasamutse, kusamutsa kumatheka pakati pa ma repo a mwini mmodzi basi. Ndiye muyenera kudutsamo limodzilimodzi, lomwe lidakali lamoyo mulitsegule kwanu ndi linki yobwerera ku lakale.

aChisale: Chabwino, fork mu organization ndavomera. Tsopano funso lenileni: anthu ndiwapeza kuti? Ndimaganiza zolemba pamwamba pa README kuti tikufuna ma maintainer, aliyense wofuna andiuze ndimupatse mphamvu yolemba. Pali kale munthu wina yemwe anaona ndemanga yanga pa issue yakale, wandilembera kuti ali ndi nthawi yambiri ndipo akhoza kutenga ntchito yonse ya ma release.

Nasibeko: Mukumudziwa?

aChisale: Ayi. Akaunti yake ndi yatsopano, koma amalemba bwino ndipo akuoneka kuti nkhani za PDU amazidziwa.

aMbewe: Pamenepo imani kaye. Akulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma pa ntchito yathuyi muyenera kuona kaye chomwe akufuna kumeta. Mu 2018 Dominic Tarr, atasiya kugwiritsa ntchito event-stream, laibulale yake ya pa npm (nkhokwe ya ma package a JavaScript), anaipereka kwa munthu wina yemwe anangopempha kuti athandize. Munthuyo anaonjezera dependency yotchedwa flatmap-stream, yomwe mkati mwake munali code yobisika yofuna kuba Bitcoin m'zikwama za Copay. Tarr sanachite chachilendo, anachita zomwe inu mukufuna kuchita.

Ya xz ndiye yoopsa kwambiri chifukwa wolowayo anadekha. Lasse Collin ankasamala xz Utils, pulogalamu yopanikiza mafayilo kuti achepe, pafupifupi yekha kwa zaka zambiri. Akaunti yotchedwa Jia Tan inayamba ndi kutumiza zokonza zazing'onozing'ono, zabwino ndithu. Mu 2022 maakaunti ena anayamba kumudandaula Collin pa mailing list kuti ntchito ikuchedwa, apereke kwa wina. Jia Tan anakhala maintainer mnzake, ndipo mu 2024 anatulutsa 5.6.0 ndi 5.6.1 zokhala ndi khomo lobisika lolowera kudzera mu sshd, pulogalamu yolandira anthu olowa mu seva pa SSH. Anazigwira ndi Andres Freund mu Malichi 2024, chifukwa choti kulowa pa SSH kunkachedwa ndi pafupifupi theka la sekondi ndipo iye anafuna kudziwa chifukwa chake. Chomwe ndikufuna muone ndi ichi: gawo loyatsa khomolo silinali mu git, linali mu tarball (fayilo yomanga pamodzi code yonse) ya release yomwe Jia Tan ankakonza yekha. Owerenga code pa repo sakanaliona.

Ndiye munthu wosamudziwa akamapempha ma release enieniwo, osati kukonza bug, ine ndimachenjera. Mwina ndi munthu wabwino, ambiri ndi abwino. Muuzeni atumize pull request ngati wina aliyense.

aGondwe: Koma Jia Tan anatumiza ma pull request abwino kwa zaka ziwiri, ndiye kuyesa munthu ndi ma pull request kukutetezani bwanji?

aMbewe: Pakokha sikuteteza. Chomwe chimateteza ndi kukonza zinthu mwakuti munthu mmodzi, ngakhale aChisale amene, asathe kutulutsa release payekha. Branch ya main itsekedwe, chilichonse chilowe wina atachiwerenga. Release isachokere pa laputopu ya munthu, imangidwe ndi GitHub Actions kuchokera pa tag, ndipo ipite ku PyPI kudzera mu Trusted Publishing, yomwe inayamba mu 2023, kuti pasakhale token yoyendayenda pa WhatsApp. Mu environment ya release muikemo kuti wina avomereze isanapite. 2FA, chitsimikizo chachiwiri polowa mu akaunti, ndiye simungaithawe, PyPI inaikakamiza kwa onse kuyambira pa 1 Januwale 2024.

Nabanda: Ndipo mphamvu pa GitHub zili ndi masitepe, simuyenera kupereka zonse kamodzi. Mu organization muli Triage, munthu amatha kuika ma label ndi kutseka ma issue popanda kukhudza code. Woyamba kumene ayambire pamenepo. Ntchito yambiri ya maintainer ndi imeneyo kale, kuwerenga madandaulo ndi kufunsa munthu kuti modemu yake ndi mtundu wanji.

Za komwe mungapeze anthu, musayang'ane kutali. Tsegulani mndandanda wa ma fork a repo yakale muone omwe ali ndi ma commit awoawo. Onaninso omwe analemba ma pull request aja osayankhidwa. Amenewo anakonza chifukwa laibulaleyi ikuwadyetsa, ndipo mbiri yawo pa GitHub ndi ya zaka, mutha kuona ntchito zawo zina. Alembereni mmodzimmodzi, muwapemphe atsegulenso pull request yawo kwa inu kuti dzina lawo likhale pa commit. Munthu amene zokonza zake zalowa atadikira zaka amabweranso.

Nasibeko: Ine vuto lomwe ndikuona ndi ma test. Laibulaleyi imafuna modemu yeniyeni ndi SIM, ndipo GitHub Actions ilibe doko la USB. Tikapanda kukonza zimenezi aliyense adzaopa kudina Merge, n'zomwe mwina zinamugwetsa mphwayi mwini wakeyo. Maganizo anga: gawo la PDU ndi masamu chabe, silifuna modemu, tilembe ma test ake poyamba, kuphatikizapo malire a 160, 153, 70 ndi 67. Gawo la serial tijambule zomwe modemu imayankha pa AT+CMGS, AT+CMGL ndi ena, tizisunge ngati mafayilo a mawu oti munthu atha kuwerenga, test izisewera mayankho amenewo. Ndikuti oti munthu atha kuwerenga chifukwa pa xz paja katundu woipayo anabisidwa m'mafayilo a test a binary. Ndili ndi modemu za mitundu iwiri pano, nditha kujambula.

aGondwe: Chabwino, mwandigonjetsa theka. Koma lembani mu README zomwe simudzachita. Modemu zomwe muli nazo m'manja ndi zomwe mukuthandiza, zina zonse ndi za amene wabweretsa pull request ndi zojambula zake. Palibe MMS, palibe zoimba foni. Ndipo mulembe kuti maintainer akakhala chete miyezi ingapo, otsalawo ali ndi ufulu womuchotsa pa makiyi popanda kukangana. Mukalemba zimenezo, ine ndilowa pa Triage, koma code yanga yakuntchito ikhalabe pa kope langa mpaka nditaona release yachiwiri.

aMbewe: Chinanso, musafufute dzina la mwini wake paliponse. Mzere wake wa copyright ukhale, wanu muonjezere pansi. Pa repo yakale tsegulani issue imodzi yaulemu yonena kuti fork ili apa, ndipo akadzabwerera khomo ndi lotsegula, kaya alowe nafe kaya atipatse dzina. Musalembe pa issue iliyonse, zimaoneka ngati mukulanda.

aChisale: Ndatsegula organization, Nabanda ndi aMbewe ndakutumizirani pempho loti mukhale eni ake. Ndayatsa Issues ndipo main ndaitseka. Munthu uja ndamuyankha kuti ayambe ndi pull request yosintha imp kupita ku importlib, tione. Nasibeko, yambani ndi ma test a PDU, ine ndisamutsa setup.py kupita ku pyproject.toml usiku uno. Dzina loitanira mu code tisiya lomwelo ngati Pillow. Latsala ndi dzina la pa PyPI, tumizani maganizo.

Nabanda: Pempho ndalandira. Dzina lisakhale ndi "new" kapena "2" kumapeto, chonde. Ndiyamba kudutsa m'ma issue akale mawa ndikaweruka.