Amisiri akachoka, zungulirani nyumba

Mayi a ku Greendale: Abale, mwaswera bwanji? Ndifunseko kwa inu ogwira ntchito m'nyumba kuno ku Harare, ku Zimbabwe. Dzulo kunabwera anyamata awiri kudzakonza giza, adona ali ku ntchito, ndinawatsegulira ndine. Madzulo potseka makatani ndinapeza windo la ku bafa lakuseri silinatsekeke, pachokolowekera pake atapanikizapo kapepala kopindapinda kuti chisagwire. Ine windo limenelo sinditsegula chifukwa cha udzudzu. Ndiwauze adona kapena ndingokhala chete?

Ankolo a ku Mabvuku: Auzeni lero lomwe, koma muyambe mwajambula kapepalako kali pomwepo. Mwana wanga, ine ndakalambira m'magadeni a ku Highlands. Chikasowa chinthu m'nyumba, safunsa pulambala amene anapita kale, amayambira ku kanyumba kakuseri komwe mumagona inu. Ndiye akamva kuti kwanu ndi ku Malawi, mafunso amasiya za giza n'kulowa za mapepala.

Achemwali a ku Avondale: Zoona ankolo. Ine ndili ndi kope lakale la mwana wasukulu. Aliyense wolowa pageti ndimalemba tsiku, nthawi, nambala ya galimoto ndi ntchito imene wabwerera. Abwana ankandiseka poyamba, pano amachita kundifunsa kuti kodi a borehole aja anabwera liti.

Mnyamata wa sola, Hatfield: Pepani akuluakulu, ndiyankhuleko ngati mmodzi mwa olowa m'nyumba za anthuwo, musatiike tonse m'thumba limodzi. Mmisiri weniweni sangaononge dzina lake chifukwa cha TV. Woopsa ndi waganyu amene wamutola pamsewu m'mawa kuti amunyamulire makwerero, mwiniwakeyo dzina lake lenileni salidziwa n'komwe. Ndipo nthawi zambiri iye sabweranso, amangokafotokoza pamowa kuti nyumba yakutiyakuti ili ndi mabatire a lithium awiri mu galaja, galu ndi wokalamba. Ndiye chonde, munthu wobwerera mpope asalowe komwe kuli inverter. Akafuna kujambula, ajambule chimene akukonzacho basi.

Mayi a ku Greendale: Mmodzi anapempha pasiwedi ya Wi-Fi kuti atumize chithunzi kwa bwana wake. Ndinamupatsa, ndinachita manyazi kukana.

Mnyamata wa sola, Hatfield: Imeneyo ndi yosavuta amayi, adona asinthe madzulo ano, makamaka ngati makamera amadalira Wi-Fi yomweyo. Nanga limoti ya geti anaigwirapo?

Mayi a ku Greendale: Ayi, ndinkatsegula ndekha. Koma makiyi a khomo lakukhitchini anali pakhomopo tsiku lonse.

Bambo mlonda wa ku Borrowdale: Apo ndiye pali nkhani. Kiyi kudula sikutenga nthawi, munthu akati ndikagule kaye chitsulo ku Mbare, pobwera ali nawo awiri. Ngati anatulukako masana, loko asinthidwe, kapena muikeko bawuti yamkati. Kenaka yendani ndi durawall yense, mpanda wa simenti uja. Onani ngati waya wamagetsi wapamwamba akulira kuti tch tch, chifukwa okonza giza amathimitsa magetsi pa bolodi, poyatsa ena amaiwalako. Onani makwerero, dramu, njerwa zounjikidwa pafupi ndi mpanda, chilichonse choponderapo. Kwathu kuno nthambi ya jakaranda yokha inakwanira.

Achemwali a ku Avondale: Ndi agalunso. Wathu anazolowerana ndi openta sabata imodzi yokha, ankamuponyera makombo a sadza, nsima ya kuno, ndi mafupa. Lachisanu anali akuwagwedezera mchira pageti ngati abale ake. Pano amisiri akabwera galu ndimamutsekera kuseri, azimumva kuuwa koma asamudziwe.

Ankolo a ku Mabvuku: China, masiku ano mita zambiri ndi zija zogula mayunitsi. Munthu akagogoda kuti ndine wa ZESA, kampani ya magetsi, ndabwera kudzawerenga mita, mufunse akawerenga chiyani. Aonetse chiphaso ali kunja, inu muimbire abwana, geti lili chitsekere. Ovololo yantchito aliyense atha kugula.

Bambo mlonda wa ku Borrowdale: Ndipo akakufunsani mocheza kuti abwana amaweruka nthawi yanji, kapena pa Khirisimasi amapita kuti, inu muziti sindidziwa. Amayamba ndi kukutchani achimwene, kuti nanenso agogo anga anachokera ku Zomba. Mwina ndi zoona, kuno adzukulu a Amalawi ndi ambiri, koma ubalewo ukachezedwe ku tchalitchi Lamulungu.

Mayi a ku Greendale: Ndawatumizira adona chithunzi chija. Ayankha kuti abwera ndi loko watsopano ndipo aimbira mwini kampaniyo. Ndapitanso kuseri monga mwanenera bambo, makwerero awo awasiya atagoneka pansi pa mtengo wa mapeyala, ati adzatenga Lolemba.

Bambo mlonda wa ku Borrowdale: Alowetseni mu galaja panopa, mumange ndi tcheni. Lolembalo akatengere pageti.