AR-3a kapena JBL L100: kasitomala asunge iti?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kasitomala wabweretsa mapeyala awiri a masipika amene anasiya malemu bambo ake, AR-3a ndi JBL L100. Akufuna ndikonze peyala imodzi yoti azimvera nyimbo pabalaza, inayo agulitse. Ndayesa zonse pa ampulifaya yake ya ma watt 25 mbali iliyonse. JBL ikulira momasuka, koma AR ikumveka ngati aifunditsa bulangete, mawu apamwamba palibe. Iye mtima uli kale pa JBL chifukwa cha woofer yake yoyera, sipika yaikulu yotulutsa bezi. Ndingomuvomereza?

Wokonza maampulifaya: Musafulumire achimwene. AR-3a yabwinobwino sikhala yotsekeka chonchi. Kuseri kwa bokosi kuli tizipotokolo tiwiri, ta midrange (sipika ya mawu apakati) ndi tweeter (ya mawu apamwamba). Timachita dzimbiri lobiriwira mkati, magetsi osadutsa. Tapotokolani nyimbo ikulira. Mukamva kuthetheka, kapena mawu akubwera n'kuzima, vuto ndi limenelo. Chotsani woofer, mutitulutse, mupale dzimbiriro. Sipika imeneyi inatuluka mu 1967, ndiye makapasita nawo ayezeni muli momwemo.

Mmisiri wa mabokosi: Ndionjezereko. AR ndi bokosi lotseka ponseponse, nzeru ya Edgar Villchur yomwe inayamba ndi AR-1 mu 1954. Mpweya wa mkatimo ndi umene umabweza koni, mbale yogwedezeka ya woofer, choncho ukamatuluka penapake bezi amafa. Kankhani koni pang'onopang'ono ndi zala, mozungulira pakati, kenaka musiye. Ikabwerera mwaulesi, bokosi ndi lotseka bwino. Ikadumpha nthawi yomweyo, pali pobowoka. Onaninso mkombero wa koniyo. Zambiri zinali za siponji, ndipo pofika lero inafumbutuka kale. Mukabwezera woofer muike chomatira chatsopano m'mphepete.

Wofunsa: Ndapotokola, ikuthethekadi, ndipo tweeter ya kumanja yadzuka kwa kanthawi. Siponji yang'ambika mbali imodzi. Komabe ngakhale ya kumanzere, yomwe ili bwinoko, ikuchepa mphamvu poyerekeza ndi JBL.

Wokonza maampulifaya: Zimenezo ndiye chibadwa chake. L100 ili ndi bowo lotulutsira bezi, sidya magetsi ambiri, ndipo ndi ya ma ohm 8. AR-3a ndi ya ma ohm 4 ndipo imafuna mphamvu zambiri kuti ifike pa phokoso lomwelo. Kusiyana kwa 3 dB kokha pa muyeso wa phokoso kumatanthauza mphamvu zowirikiza kawiri. Ndipo khutu limanamiza: sipika yolira kwambiri imamveka ngati yabwino. Mukamaliza kukonza, ikani pink noise, phokoso losasintha loyesera masipika, muyeze ndi foni muli pampando womvera, mulembe pamene voliyumu ikuyenera kukhala pa peyala iliyonse kuti zifanane. Pamenepo mpomwe mungaitane mwini wake.

Mukatero mudzamva kuti AR imatsika pansi kwambiri, bezi wake ndi wouma, wosasefukira, ndipo mawu a woimba satopetsa ngakhale mumvere usiku wonse. L100 inachokera ku sipika ya JBL 4310 ya mu situdiyo, imakankhira ng'oma ndi gitala kutsogolo, bezi wake wapakati ndi wonenepa. Crossover yake, yogawira masipika mawu, ndi yochepa zedi, woofer imangolira popanda chosefa. N'chifukwa chake imasangalatsa msanga, koma ena imawalasa m'makutu mpaka atachepetsa tizipotokolo ta Presence ndi Brilliance kutsogoloko.

Wogulitsa zida zakale: Zonsezo n'zoona bambo, koma maonekedwe tisawapeputse. Chinthuchi chikhala pabalaza, azichiona tsiku ndi tsiku ngakhale chitazima. L100 ya 1970 anthu amaikumbukira chifukwa cha chophimba cha siponji ya timabokosi, Quadrex, ya olenji, yabuluu kapena yabulauni. Yoyambirira inatha pafupifupi paliponse, koma zatsopano zimapezeka. AR ndi yofatsa, nsalu yotuwira ndi thabwa la walnut, imalowa m'chipinda osadzionetsa. Ine ndimaikonda AR, komabe munthu akakonda chooneka, ndaona kuti ndi chimene amachiyatsa kawirikawiri.

Mmisiri wa mabokosi: Pa walnut paja chonde musapale ndi makina. Ndi kachikopa kopyapyala kongomata pamwamba, mukaboola palibe kubweza. Sandipepa yosalala, pamanja, motsata mizere ya thabwa, kenaka mafuta.

Wokonza maampulifaya: Kwa ine nkhani yagona pa ampulifaya. Ma watt 25 pa AR-3a, akangokweza idzayamba kuphwanya mawu, ndipo zimenezi zimaotcha tweeter, yomwe yoyambirira ndi yovuta kupeza. Ngati sakufuna kugula ina yamphamvu yopirira ma ohm 4, asunge JBL. Muikweze pa timiyendo kuti tweeter ifike pa msinkhu wa khutu, ndipo isagunde khoma kapena kulowa pakona, apo ayi bezi adzachita kubuula.

Wofunsa: Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndamuimbira, akuti ampulifaya ya bambo ake sangaisinthe. Ndiye JBL ikhala, ndiitanitsa chophimba cha olenji. AR ndiikonzabe siponji ndi tizipotokolo tija asanaigulitse, ndipo ndamupempha adzamve zonse ziwiri voliyumu itafanana asanatsimikize. Amene ali ndi muyeso wa siponji yoyenera woofer ya AR-3a anditumizire, chifukwa ya mainchesi 12 wamba yomwe ndili nayo sikukwana.