PlayStation 2 (PS2) kapena PlayStation 4 (PS4): magemu abwino ndi akale kapena atsopano?

Wa pa Lizulu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Anthu amati magemu a PS2 ndi Sega anali okoma kuposa a masiku ano. Koma PES 6, gemu ya mpira ya pa PS2, ukaiika pa pulazima ya mainchesi 43, mizere ya m'bwalo imaoneka mano okhaokha, ndipo ukadina batani wosewera amachedwa kutembenuka. Ndi gemuyo yakalamba, kapena pali china? Komanso kwa munthu wofuna kuika makina awiri poti anyamata azilipira n'kumasewera, kuno kumene magetsi amathimathima ndipo bandulo ndi yodula, chanzeru n'chiti?

Wokonza ma TV, Dedza boma:
Achimwene, gemu ilibe mlandu. Yang'anani TV ndi chingwe.

PS2 inatuluka m'chaka cha 2000, nthawi ya ma TV agalasi otupa kumbuyo aja. Magemu ake ambiri amatulutsa chithunzi cha mizere 480 kapena 576, ndipo mizereyo simabwera pamodzi: imayamba theka, theka linalo n'kutsatira. TV yakale inkangoilemba momwe ikubweramo. Pulazima imayamba yadikira matheka onse awiri, n'kuwalumikiza, n'kukulitsa chithunzi kuti chidzaze sikirini, kenako n'kuchikongoletsa. Zonsezi zimadya nthawi. Pa gemu ya mafulemu (zithunzi) 60 pa sekondi, fulemu imodzi ndi mamilisekondi pafupifupi 17. TV ikatsalira ndi mafulemu anayi kapena asanu, maso sazindikira koma zala zimamva, ndiye kulemera mukunenako.

Lowani mu menyu ya TV musankhe Game Mode. Zimitsani Noise Reduction ndi chilichonse cholembedwa Motion. Kukula kwa chithunzi kukhale pa 4:3. Mukachisiya pa 16:9 gemu isanachunidwe choncho, osewera amanenepa ndipo mpira umakhala ngati dzira.

Chingwe chachikasu chija chimanyamula kuwala ndi mitundu mu waya umodzi, n'chifukwa chake zilembo zimasakanikirana. Ngati TV ili ndi mabowo ake, pezani chingwe cha component, cha mitu isanu: wobiriwira, wabuluu ndi wofiira ndi ya chithunzi, iwiri inayo ndi ya mawu. Musanachilumikize, yatsani PS2 popanda chimbale, lowani mu System Configuration, pa Component Video Out musankhe Y Cb/Pb Cr/Pr. Mukasiya pa RGB chithunzi sichibwera, kapena chimabwera cha mitundu yolakwika. Timaadaputa totchipa ta PS2 kupita ku HDMI timafunanso kuchuna komweku, ndipo sitiwonjezera ubwino uliwonse, timangosintha pulagi. Mukaikamo chimbale cha PS1, ma TV ambiri amangolemba No Signal chifukwa magemu amenewo ndi a mizere 240.

China chimene ambiri sadziwa: kuno ma TV amatsata dongosolo la PAL, la 50Hz (chithunzi chimasintha ka 50 pa sekondi), pomwe magemu ambiri ankapangidwira dongosolo la NTSC, la 60Hz, la ku Japan ndi America. Sonic the Hedgehog wa 1991 pa Sega Mega Drive ya PAL amathamanga mochedwa ndi pafupifupi 17 peresenti, nyimbo zomwe, ndipo pamwamba ndi pansi pamatsala mipata. Magemu ambiri a m'zaka zomaliza za PS2 amafunsa poyamba kuti 50 kapena 60. Sankhani 60. Mitundu ikatha n'kutsala zakuda ndi zoyera, TV yanuyo siimva NTSC, bwererani pa 50.

Koma mankhwala enieni ndi TV yagalasi ya mainchesi 21. Kuchedwa konse kumatheratu.

Madala a ku Ntcheu:
Zomwe anena bambo a ma TV n'zoona, koma funso loti akale ndi abwino kuposa atsopano lisathawidwe. Timakumbukira Tekken 5, God of War, San Andreas ndi Need for Speed Most Wanted chifukwa ndi amene anapulumuka. Zinyalala zinalipo zambirimbiri, kungoti palibe amazisunga. E.T. wa pa Atari mu 1982 ndi Superman wa pa Nintendo 64 mu 1999 amatchulidwabe mpaka lero chifukwa cha kuipa. Nanga timakaseti tachikasu tolembedwa 9999 in 1? Munali magemu ochepa chabe obwerezedwa, asintha dzina kapena levulo yoyambira basi.

Pamene akale amapambana ndi pa kumalizika. Kaseti kapena chimbale chikatuluka m'fakitale panalibe njira yokonzera cholakwika, choncho opanga ankayesa mokwanira asanagulitse. Super Mario World yense ndi makilobaiti 512, ndipo momwe anatulukira mu 1990 ndi momwe alili lero. Masiku ano kampani imatha kudinda chimbale gemu isanapse, podalira kuti idzatumiza apudeti. Cyberpunk 2077 inatuluka mu December 2020 ili yophwanyika pa PS4 moti Sony inaichotsa pa sitolo yake, n'kudzaibwezera mu June 2021. Mukagula chimbale chake choyambacho n'kusewera popanda intaneti, mukusewera yophwanyika ija. Gran Turismo 7 ya 2022 ndiye zambiri zimafuna intaneti nthawi zonse, ndipo mu March chaka chomwecho maseva ake atatsekedwa kupitirira tsiku lathunthu, anthu anangotsala ndi kagawo kochepa ka gemu imene anagula ndi ndalama zawo. eFootball 2022, imene inalowa m'malo mwa PES mu 2021, inayambanso mochititsa manyazi.

Izi sizikutanthauza kuti atsopano onse ndi choncho. God of War ndi Spider-Man a 2018, komanso Tekken 7, amaseweredwa bwinobwino kuchokera pa chimbale, ndipo kunena zoona kamera ndi kayendedwe ka munthu n'zabwino kuposa za nthawi ya PS2. Bwererani ku San Andreas muyese kulasa mfuti muone momwe zimavutira.

Pogula chimbale cha PS4 werengani kuseri kwa kava. Pakalembedwa kuti intaneti ndi yofunika, chisiyeni. Zolembedwa Game of the Year kapena Complete samalani nazo: zina zowonjezerazo zimabwera ngati nambala ya pa kapepala, ndipo pa chimbale chogwiritsidwa kale ntchito nambalayo inadyedwa. Makina akafika, pitani ku Settings, System, Automatic Downloads, muzimitse zonse, apo ayi tsiku limene mwalumikiza hotisipoti ya foni bandulo ya mwezi ipita musanamalize hafu yoyamba. Malo osungiramo magemu nawonso amatha msanga. Hadi disiki ya 500GB imakusiyirani pafupifupi 400GB, ndipo Red Dead Redemption 2 yokha, ya zimbale ziwiri, imatenga pafupifupi 100GB.

Wa pa Lizulu:
Zikomo madala. Nanga za magetsi? Ndi makina ati amapirira akathima mwadzidzidzi?

Fundi wa ku Linthipe:
PS2, popanda mkangano. Imawerenga pa chimbale ndipo imalemba pa memori khadi ya 8MB pokhapokha ikusunga gemu. Magetsi akathima mumangoyatsanso. PS4 imalemba pa hadi disiki pafupipafupi, ndiye kuthima kulikonse kuli ndi mwayi woononga mafailo. Ikayaka n'kumayang'ana system storage, isiyeni imalize. Ikayamba kuchedwa kapena magemu kusowa pa menyu, izimitseni, gwirani batani loyatsira pafupifupi masekondi 7 mpaka ilire kachiwiri, lumikizani padi ndi chingwe cha USB, musankhe Rebuild Database. Musakhudze Initialize, imeneyo imafufuta zonse. Rest Mode, yoigoneka osaizimitsa, muiiwale, muzizimitsa yonse. UPS (kabokosi ka batire kopereka magetsi akathima) ya 650VA imanyamula PS4 ndi TV imodzi kwa mphindi zochepa, zokwanira kusunga gemu n'kuzimitsa mwaulemu.

PS2 ili ndi misampha yake. PS2 yaikulu ija, ngati inachokera ku Japan kapena America, kuseri kwalembedwa 100V kapena 120V, ndipo pa 230V yathu pawa imapsa nthawi yomweyo. Werengani kaye musanabaye pa soketi. Yopyapyala ya SCPH-70000 imafuna adaputa ya 8.5V. Ya 12V ikhoza kulowa pabowo koma iotcha bodi. Chimafa msanga ndi lenzi: ikayamba kulemba Disc Read Error, pukutani mopepuka ndi thonje lonyowetsa pang'ono ndi sipiriti wa isopropyl, musadinikize. Ikamawerenga zimbale zabuluu pansi koma kukana zasiliva, kapena mosemphanitsa, lenziyo yatopa, yofunika kusintha. Zimbale zowotcha pa ma DVD otchipa zimaitopetsa msanga.

Fumbi la m'mbali mwa M1 mu September ndi October ndi mdani wa PS4. Fani ikayamba kulira kwambiri, ndiye kuti heatsink, chitsulo chochotsa kutentha, yatsekeka. Tsegulani, gwirani fani ndi chala isazungulire, pemererani fumbi, ndipo ngati makinawo ndi a 2013 kapena 2014 sinthani thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa chipu. Aikeni pamwamba pa shelefu, osati pansi kapena m'kabati. Mapadi ake amayamba kuyenda okha chifukwa tizigawo toyeza ndodo timaperepeseka, ndipo pamalo a anthu ambiri zimenezi sizichedwa. Kupukuta kumathandiza kwa kanthawi, koma kukonza kwenikweni ndi kusintha kagawo konse ndi sodala.

Pa bizinesi yanu ine ndingati imodzi imodzi. Anyamata olipira amafuna mpira wokhala ndi osewera amene akuwaonera ku Premier League sabata ino, ndiye PS4 ndi EA Sports FC, dzina limene linalowa m'malo mwa FIFA mu 2023. PS2 ikhale pa TV yagalasi, ya Tekken ndi magalimoto.

Wokonza ma TV, Dedza boma:
Afundi, TV yagalasiyo musaiwerengere pa UPS yomwe ija. Poyaka imakoka magetsi ambiri kwa kamphindi, ndipo UPS yaing'ono imatha kugwa n'kuthimitsa PS4 imene mumafuna kuiteteza. Iikeni pa soketi yakeyake.