Thickness gauge (makina oyeza kukhuthala kwa chitsulo ndi ultrasound) ikundipatsa manambala osagwirizana pa thanki ya dizilo

Wa ku Kanengo:
Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Thanki ya dizilo, plate ya 8 mm, carbon steel, inapentedwa kangapo. Probe (kamutu kogunditsa pa chitsulo) ndi twin crystal 5 MHz, calibration ndapanga m'mawa pa step wedge (kachitsulo ka masitepe odziwika kukhuthala), velocity ya sound m'chitsulo 5920 m/s. Kumtunda kwa thanki gauge ikuwerenga 8.9 mm, chakumunsi 4.1, ndikasuntha pang'ono 8.2. Report akuifuna mawa. Ndi chitsulo kapena makina?

Madala a Boiler:
Chotsani penti. Mukuyeza penti inu.

Level 2 wa ku Joni:
Za 8.9 Madala akunena zoona. Sound imayenda mochedwa mu penti kusiyana ndi m'chitsulo, ndiye gauge imaiwerenga ngati chitsulo chokhuthala kawiri ndi theka. Ikani echo-echo, mode yoyeza pakati pa ma echo awiri osawerengera penti, ngati ilipo. Koma yondidetsa nkhawa ndi 4.1, achimwene. Ndi theka lenileni la 8.2. Mwina ndi lamination (kugawanika kwa chitsulo mkati) pakati pa plate, mwinanso chitsulo chatsaladi 4.1 ndipo 8.2 ndi doubling, gauge kuwerenga kawiri kukhuthala kwenikweni. Kumunsiko n'komwe madzi amadikha pansi pa dizilo n'kumadya kuchokera mkati. Musasayine musanaone A-scan (chithunzi cha ma echo) pa flaw detector, makina ofufuzira zilema mkati mwa chitsulo.

Madala a Boiler:
Ndanena kale, penti. Grinder mphindi zisanu, nkhani yatha.

Mayi QC:
Madala, grinder pa thanki muli mafuta? Popanda gas test ndi hot work permit? Ayi ndithu. Akapale ndi scraper ya pamanja, kamalo kongokwana probe.
Ine zinandionekera pa fakitale ina. Ndinalemba 6 mm pa paipi, patapita milungu iwiri inayamba kudontha. Welder ataidula anandibweretsera chidutswacho pa desiki, mkati muli timaenje ngati chimanga chofumbwa, 3 mm yokha. Usiku umenewo sindinagone. Kuyambira pamenepo nambala yaing'ono ndi imene ndimaikhulupirira mpaka itatsutsidwa.

Madala a Boiler:
Echo-echo yanuyo pa chitsulo cha timaenje imasowa echo yachiwiri ya back wall, mbali yakuseri ya chitsulo. Ife tinkagwira ndi flaw detector ya Krautkrämer USK 7, couplant (zopaka pakati pa probe ndi chitsulo) ili girisi, chitsulo chili mbee. Chotsani penti.

Wa ku Nacala:
Onaninso nkhope ya probe, ikatha mbali imodzi zero imathawa. Komanso a ku Joni, certificate yanga ya ISO 9712 ya ntchito yoyezayi ikukwana zaka 5 chaka chino, ku SAIW, bungwe la welding la ku Joni, renewal amafuna mapepala ati?