Kodi chambo chachiwisi chingafike ku Harare m'cooler bag chisanaole?

Mayi wa ku Mufakose:

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Mu Okutobala muno ndikupita ku Blantyre ku chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, ndipo pobwera ndikufuna nditengeko chambo chachiwisi. Bambo a kunyumba andivuta mokwana. Akuti bream ya ku Kariba timagula kunoyi ndi nsomba inde, koma pakamwa pawo sipavomera.

Chimene ndili nacho ndi cooler bag yofewa ija, ya zipi, yonyezimira m'kati, imene ndimaikamo zakumwa za ana tikamapita ku Lake Chivero. Koma ku Chivero ndi pakhomo pompa. Ulendo uwu ndi wina: kunyamuka ku Blantyre m'mawa, Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, kudzafika pa siteji ya mabasi ya Roadport ku Harare kutada. Kodi kachikwama kameneka kangapirire? Kapena ndingogula cooler box yolimba? Vuto lake ndi lakuti ndimabwera ndi katundu wambiri kale, ufa wa kondowole, mpunga wa kilombero, ndiye chibokosi china ndichinyamulira pati?

Malume wa ku Highfield:

Mayi, msewu umenewo ndinayendetsamo thiraki, ndiye ndiyankhula zimene ndinaona. Mtunda si wochititsa mantha, ndi makilomita 600 ndi pang'ono. Chimene chimaononga ndiwo ndi kudikira pa maboda ndi dzuwa la ku Tete. Mu Okutobala kumeneko kumapitirira madigiri 40, ndipo basi imawoloka Zambezi masana enieni.

Choyamba mudziwe kuti chikwamacho sichiziziritsa kanthu. Chimangosunga kuzizira kumene mwaikamo inuyo. Mukagula chambo ku msika wa Limbe m'mawa wa ulendo n'kuchiponyamo ndi tiayezi ta m'jumbo, mukamafika ku Changara, kupitirira Tete, anzanu a m'basi ayamba kuyang'anana.

Chitani chonchi. Gulani nsombazo kudakali masiku awiri, muzitumbule, muchotse matumbo ndi makha, muzitsuke, muzipukute. Iliyonse m'jumbo mwake, kenaka m'firiza mpaka zilimbe ngati mwala. Za usiku umodzi zokha ayi, pakati pamakhala padakali pofewa, makamaka ngati magetsi anazimako. Pochoka kuno tengani mabotolo a Mazoe a malita 2 opanda kanthu, mukathiremo madzi, koma osadzaza mpaka kukhosi chifukwa madzi akaundana amafufuma, botolo limang'ambika. Chibuma chachikulu chotero chimachedwa kusungunuka kusiyana ndi tizidutswa, komanso chikasungunuka madzi amakhala m'botolo momwemo, sanyowetsa katundu wa eni ake.

Polongedza, nsomba pansi, mabotolo pamwamba ndi m'mbali, poti mpweya wozizira umatsika. Mpata uliwonse wotsala tsekani ndi nyuzipepala. Chikwama chodzaza chimasunga bwino kuposa chimene chili theka. Mukatseka zipi, chikulungeni m'bulangeti kapena m'zitenje ziwiri, ndipo musachitsegulenso mpaka kwanu. Ambiri amalakwa pamenepa: amaikamo ndi Fanta yomwe, ndiye pa siteji iliyonse zipi fyuu, kutentha kulowa. Zakumwa za panjira zikhale pazokha.

China, musalole kondakitala achiponye m'buti kumbuyo pafupi ndi injini. Chikhale pa mapazi panu, mbali imene dzuwa silikuwomba, ndipo pansi pake muyalepo katoni chifukwa pansi pa basi napo pamatentha.

Mayi wa geni ku Mbare:

Malume anena zoona, koma ine ndiye ndikutsutsaniko pang'ono. Zonsezo zimagwira ntchito tsiku limene ulendo wayenda bwino. Nanga tsiku limene basi yafa pa Moatize? Kapena mwafika pa Nyamapanda mochedwa mpaka kugona pomwepo? Ine zinandionekera, tinagona m'basi, ndipo mnzanga amene tinakhala mpando umodzi anali ndi nyama ya mbuzi m'chikwama chonga chanucho. Kutacha anakaitaya kutchire, misozi ili m'maso.

Makolo athu amene ankabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi analibe ayezi, koma ndiwo za kwawo ankadya. Gulani chambo chowamba, chong'ambidwa pakati chija, chouma bwino. Mukulunge m'pepala, muike m'katoni yoboola timabowo, osati m'pulasitiki, poti mumachita thukuta n'kuyamba nkhungu. Onjezani usipa ndi utaka. Mukafika mukaphike ndi tomato ndi anyezi, kapena mutendere, muone ngati bambowo adandaule. Cooler bag yo ikanimo madzi anu akumwa, mudzandithokoza ku Tete.

Komanso musaiwale kuti mukudutsa mayiko atatu. Nyama ndi nsomba zaziwisi pa boda amatha kufunsa chikalata cha a zaulimi, ndipo kukagwa matenda a ziweto amaletseratu nyama. Mufunsiretu musanaononge ndalama.

Namwino wa ku Dzivarasekwa:

Amayi, ine ndingoonjezera za umoyo. Chakudya chotere chimafunika kukhala pa madigiri 5 kapena kutsikirapo. Chikapitirira pamenepo tizilombo timayamba kuswana, ndipo kukatentha ngati ku Tete timaswana mwamsanga zedi. Mukafika kunyumba, musanavule ndi nsapato zomwe, tsegulani mugwire nsombazo. Ngati zidakali zolimba kapena m'kati muli timiyala ta ayezi, bwezerani m'firiza. Ngati zafewa koma zikuzizirabe ngati zochokera m'firiji, phikani usiku womwewo kapena m'mawa mwake. Zikakhala zofunda, madzi a m'mabotolo nawo afunda, tayani basi, ngakhale zisanunkhe. Mphuno siigwira zonse, ndipo pali poizoni wina wa tizilombo amene moto suthetsa.

Chinanso, mukamabwerera mudzatsuke chikwamacho ndi madzi a sopo, makamaka m'misoko, n'kuchiyanika chili chotsegula. Madzi a nsomba akakhalira m'menemo, zipatso za ana zimene mudzaikemo pa ulendo wa ku Chivero zidzatenga zonsezo.

Mayi wa ku Mufakose:

Zikomo nonse. Ndaganiza zogawa pawiri: zowamba zikhale zambiri, zaziwisi zochepa chabe zoti bambo atonthole, kuti zikaonongeka mtima usapweteke kwambiri. Za chikalata ndiwatuma alamu anga akafunse ndisanafike. Koma malume, achemwali anga ku Ndirande ali ndi firiji yaing'ono, kafiriza kake nkolowa nkhuku imodzi. Mabotolo a malita 2 salowamo pamodzi ndi nsomba. Ndipange bwanji?

Malume wa ku Highfield:

Pamenepo musavutike. M'kafiriza ka achemwaliwo ikanimo mabotolo ang'onoang'ono a theka la lita, angapo. Nsombazo pitani nazo kwa ogulitsa nyama kapena kwa mayi aliyense wogulitsa mafirizesi amene ali ndi deep freezer, mumupatse kangachepe akusungireni masiku awiriwo. Mulembe dzina pa jumbo, chambo sichichedwa kusintha mwini. Chikwama chenichenicho chigonenso mozizira usiku wa ulendo, ndipo nsombazo mukazitenge m'mawa popita kokwerera basi, osati madzulo ake.